Louis Braille: Wophunzira Amene Anadzipangira Malembo

Aphunzitsi anzathu, kaya mukuwerenga gawo lino muli ku Chipata, ku Angónia, ku Dedza kapena ku Harare, dzina la Braille munalimvapo. Ambiri timalidziwa ngati dzina la malembo a timadontho amene anthu osaona amawerenga ndi zala. Koma poyamba linali dzina la munthu, ndipo munthuyo anapanga malembowa ali mwana wasukulu wa zaka 15, pa sukulu imene inali kale ndi njira yake yophunzitsira kuwerenga ndipo sinapemphe aliyense kuti aisinthe. Taika moyo wake m'phunziro la aphunzitsi a chiyankhulo chifukwa nkhani yake yonse ndi ya kuwerenga ndi kulemba. Pamene mukuwerenga, sungani funso ili m'mutu: njira imene sukulu yasankha imapepukira yani, wophunzitsa kapena wophunzira?

Ku Coupvray

Louis Braille anabadwa pa 4 January 1809 m'mudzi wa Coupvray, pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kum'mawa kwa mzinda wa Paris ku France. Anali mzime m'banja la ana anayi. Bambo ake, a Simon-René Braille, anali mmisiri wa zikopa, wosoka zishalo ndi zingwe za akavalo. Ali ndi zaka zitatu, Louis ankasewera m'nyumba yogwiriramo ntchito ya bambo akewo. Anatola chitsulo chosongoka n'kumayesa kuboola chikopa monga ankaonera akulu akuchitira. Chitsulocho chinaterereka n'kumubaya m'diso. Bala linanyeka, matenda anafalikira ku diso linalo, ndipo pofika zaka zisanu mwanayo sankaonanso.

Masiku amenewo mwana wosaona wa m'banja wamba kawirikawiri ankakulira kupemphetsa. Makolo a Louis sanamubise m'nyumba. Wansembe wa m'mudzimo, Jacques Palluy, anayamba kumuphunzitsa payekha, kenako anapempha mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi, Antoine Bécheret, kuti amulandire pamodzi ndi ana oona. Louis ankakhala m'kalasi n'kumamvetsera, ndipo zimene wamva ankazisunga bwino kuposa anzake ambiri.

Mwana wotereyu mukumudziwa. Mukafunsa funso la pakamwa dzanja lake limakhala loyamba kukwera, ndipo inu mumakhutira kuti phunziro lalowa. Koma mukanena kuti aliyense atsegule buku, kapena mukayamba lembetso, mwana uja ntchito yamuthera. Amangokhala n'kumadikira kuti anzake amalize. Dzina lake lili m'kaundula, mpando ali nawo, ndipo akuluakulu a maphunziro akabwera adzamuwerenga ngati mmodzi wa ana amene sukulu ikuwathandiza. Bécheret anachita mbali yake pomulandira, ndipo tisamuchepetse pa chimenecho. Chimene analibe ndi njira yomuphunzitsira mwanayo kuwerenga yekha.

Malembo a maso, owerengedwa ndi chala

Mu February 1819, ali ndi zaka 10, Louis anapeza malo pa sukulu ya ana osaona ya ku Paris, imodzi mwa sukulu zoyambirira za mtunduwu pa dziko lonse. Anaiyambitsa ndi Valentin Haüy cha m'ma 1780. Haüy anali katswiri wa ziyankhulo, womasulira. Mu 1771 anaona anthu osaona atavekedwa zovala zoseketsa akuimbitsidwa pa chionetsero china mu Paris kuti khamu liziwaseka, ndipo chimenecho chinamupweteka mtima moti anatsimikiza kuti osaona ayenera kuphunzira ngati wina aliyense.

Njira yake yowerengera inali yotere. Ankatenga malembo omwewa amene ine ndi inu timalemba pa bolodi, n'kuwadinda akuluakulu pa pepala lokhuthala lonyowa kuti atundumuke, wophunzira aziwapapasa ndi zala. Maganizo ake anali omveka: wosaona agwiritse ntchito malembo ofanana ndi a anthu ena onse kuti asapatulidwe, ndiponso mphunzitsi woona azitha kutsatira zimene mwana akuwerenga.

Vuto n'lakuti malembo athuwa anapangidwira diso. Diso limaona lembo lonse nthawi imodzi, ngakhalenso mawu athunthu. Chala chimayenera kutsatira mzere uliwonse ndi kukhota kulikonse, ndipo malembo ngati C ndi G, kapena O ndi Q, pansi pa chala amangofanana. Mwana ankatha mphamvu zake zonse pozindikira lembo limodzilimodzi, moti pofika kumapeto kwa chiganizo anali ataiwala mmene chinayambira. Inu aphunzitsi a chiyankhulo mukudziwa kuti mwana amene akulimbana ndi phatikizo lililonse sangayankhe mafunso a kumvetsa nkhani, ngakhale akhale wanzeru chotani. Kuwonjezera apo, mabuku a malembo otundumukawa anali aakulu, olemera, okwera mtengo, ndipo sukulu yonse inali nawo owerengeka chabe.

Chachikulu koposa chinali kulemba. Malembo aja ankadindidwa ndi makina. Wophunzira sakanatha kuwapanga yekha. Ena ankaphunzitsidwa kulemba ndi pensulo motsatira timizere, koma zimene alembazo sakanatha kuziwerenganso. Taganizirani chimangirizo chimene mwini wake sangachibwereze kuti aone pamene walakwitsa. Taganizirani wophunzira amene sangalembe manotsi oti akawerenge madzulo, kapena kalata yopita kwa mnzake popanda munthu wachitatu wowawerengera. Sukulu inkati anawa akuphunzira kuwerenga ndi kulemba, ndipo alendo obwera kudzaona ankachita chidwi. Ana eni akewo ankadalirabe makutu ndi kuloweza, monga momwe Louis ankachitira kumudzi.

Nyumba ya sukuluyo inali yakale, yachinyezi ndi yopanda mpweya wokwanira, ndipo ana ambiri ankadwala chifuwa. Kupatula maphunziro a m'kalasi ankaphunzira ntchito zamanja ndi nyimbo. Louis anachita bwino kwambiri pa nyimbo, makamaka poimba limba.

Timadontho

Mu 1821 sukuluyo, imene tsopano inkatsogoleredwa ndi Alexandre-René Pignier, inayamba kuyesa njira ina yolembera yopangidwa ndi Charles Barbier, yemwe kale anali msilikali wa mizinga. Barbier anasiya malembo okhotakhota n'kugwiritsa ntchito timadontho totundumuka, tobayidwa pa pepala ndi kachitsulo. Chizindikiro chilichonse chinkatha kukhala ndi timadontho mpaka 12, m'mizere iwiri yotsika ya timadontho 6, ndipo zizindikirozo zinkaimira maliwu 36 a Chifalansa.

Ana anaikonda msanga njirayi, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kadontho kamamveka bwino pa chala kuposa mzere, ndiponso kwa nthawi yoyamba ankatha kulemba okha n'kuwerenganso zimene alemba. Koma atayigwiritsa ntchito anaona zolakwika zake. Chizindikiro cha timadontho 6 motsika chinali chachitali kuposa nsonga ya chala, choncho chala chinkayenera kukwera ndi kutsika chisanapite patsogolo. Komanso njira imene ankaphunzirayo inkalemba maliwu okha, mopanda masipelo, mopanda manambala, mopanda zizindikiro za m'kalembedwe.

Apa tiyeni tiimepo pang'ono, chifukwa ndi nkhani yathu. M'Chifalansa mawu akuti vert, verre, vers ndi ver amatchulidwa mofanana, koma loyamba ndi mtundu wobiriwira, lachiwiri ndi galasi, lachitatu likutanthauza kulowera kwinakwake, lachinayi ndi nyongolotsi. Wolemba maliwu okha amalemba onsewa mofanana, ndipo sadzadziwa mmene anthu ena onse amawalembera. Chichewa sichili ndi vuto lalikulu chotero chifukwa timalemba pafupifupi mmene timatchulira, komabe chotsani kachizindikiro kamodzi m'mawu akuti ng'oma, muona kuti gule wasanduka ulenje, pakuti ngoma ndi nyama ya m'tchire. Kwa woipanga, njira yopanda masipelo inali chifundo, kuwapeputsira osaona katundu. Ana aja sankafuna kupeputsiridwa motero. Ankafuna kulemba Chifalansa chenicheni, chomwecho chimene ana oona ankalemba pa mayeso. Nthawi zambiri tikati tikumuthandiza mwana wovutika timamuchotsera gawo lina la phunziro, pamene iye chimene akusowa ndi khomo lina lolowera m'phunziro lonselo.

Louis anali ndi zaka 12 pamene anayamba kuyesayesa kukonza njira ya Barbier. Ankabaya mapepala usiku anzake atagona, ndiponso pa tchuthi kwawo ku Coupvray, ndi kachitsulo kosasiyana kwenikweni ndi kamene kanamuchotsa maso. Pofika 1824 anali atapeza chimene ankafuna. Anadula chizindikiro cha Barbier pakati: timadontho 6 tokha, titatu kumanzere, titatu kumanja, kukula kwake kongokwana pansi pa nsonga ya chala chimodzi. Chala tsopano chinkamva lembo lonse nthawi imodzi n'kupitirira, monga diso lichitira.

Kuchokera pa timadontho 6 mumatuluka zizindikiro 63 zosiyana, ndipo Braille sanazigawe mwachisawawa. Timadonthoti timapatsidwa manambala, 1 mpaka 3 motsika kumanzere, 4 mpaka 6 motsika kumanja. Malembo 10 oyambirira, a mpaka j, amagwiritsa ntchito timadontho tinayi ta pamwamba tokha. Malembo 10 otsatira, k mpaka t, ndi omwe aja koma owonjezeredwa kadontho 3. Kenako u, v, x, y ndi z ndi malembo asanu oyambirira aja owonjezeredwa timadontho 3 ndi 6. Motero mwana amene wagwira bwino zizindikiro 10 zoyambirira wagwira kale maziko a alifabeti yonse. Manambala nawonso ndi malembo a mpaka j omwewo, kutsogolo kwake kutaikidwa chizindikiro chodziwitsa kuti chikubwerachi ndi nambala. Zizindikiro zotsala zinapita ku malembo apadera a Chifalansa, ku mpumiro, mpatuliro ndi zina zotero, ndipo njira yomweyo anaikonzanso kuti izilemba nyimbo. Polemba ndi sileti yake ndi kachitsulo, munthu amabaya kuchokera kumanja kupita kumanzere, kuti akatembenuza pepala timadontho tiwerengeke kuchokera kumanzere.

Mwina mwaona kuti pa mndandanda uja lembo la w palibe. Chifalansa cha nthawi imeneyo sichinkaligwiritsa ntchito kwenikweni, choncho mnyamatayo sanalipatse malo. Linawonjezeredwa pambuyo pake, ndipo mpaka lero chizindikiro chake chili kunja kwa dongosolo la anzake. Ife amene sitingalembe mwana, bwalo kapena mawa popanda w tingamwetulire pamenepa. Ngakhale njira yabwino chotere inabadwa itavala chiyankhulo cha kumene inabadwira, ndipo inafunika kusokedwanso kuti ikwane ena.

Braille anasindikiza kabuku kofotokoza njira yake mu 1829, ndipo m'menemo anathokoza Barbier poyera kuti ndiye anayambitsa maganizo a timadontho. Kabuku koyambako kanali ndi timizere tina tating'ono pamodzi ndi timadontho. Atakasindikizanso mu 1837 anachotsa timizereto, popeza owerenga ankavutika kutizindikira ndi kutilemba. Anali ndi chinthu chimene Haüy ndi Barbier analibe: iye mwini ankawerenga ndi chala, ndipo ankagona chipinda chimodzi ndi anthu amene akanamuuza tsiku lomwelo ngati chizindikiro china chikusokoneza. Chaka chomwecho cha 1837 sukuluyo inatulutsa buku loyamba lathunthu la m'malembo a timadontho, mbiri ya dziko la France m'magawo atatu.

Pa nthawiyi n'kuti iye ali mphunzitsi pa sukulu yomweyo. Anayamba ngati wothandizira mu 1828, n'kukhala mphunzitsi wokhazikika mu 1833. Ankaphunzitsa mbiri yakale ndi masamu, komanso ankaimba limba m'matchalitchi a mu Paris. Chifuwa chachikulu chinayamba kumuvuta cha m'ma 1830 momwemo.

Sukulu ikana

Pignier ankalola ana kugwiritsa ntchito timadontho ndipo ankamulimbikitsa Braille, koma njira yovomerezeka ya sukulu inali idakali ya malembo otundumuka aja. Mu 1840 Pignier anachotsedwa paudindo ndipo m'malo mwake munalowa wachiwiri wake, Pierre-Armand Dufau. Dufau analetsa malembo a timadontho pa sukulupo, nabweretsa mtundu wina wa malembo otundumuka umene iye ankaukhulupirira.

N'kosavuta kumutenga Dufau ngati munthu woipa mtima, koma tikatero tiphonya phunziro. Mfundo ya anthu oganiza ngati iye inali ndi mutu: osaona akakhala ndi malembo awoawo, amene makolo awo, abwana awo ndi anansi awo sangawawerenge, ndiye kuti tawamangira mpanda wina pamwamba pa umene ali nawo kale. Braille mwini sanainyoze nkhawa imeneyi. Mu 1839 anatulutsa njira ina yojambulira malembo wamba ndi timadontho tambiri kuti wosaona azitha kulembera woona, ndipo mnzake wosaona, Pierre Foucault, anapanga makina ofulumizitsa ntchitoyo. Komabe pansi pa mfundo yomvekayo panali chinanso chimene sichinkanenedwa. Malembo otundumuka mphunzitsi woona ankawawerenga osaphunzira chilichonse chatsopano. Timadontho tinkafuna kuti iye abwerere pansi akhale wophunzira, mwinanso wophunzitsidwa ndi ana ake omwe.

Anawo sanasiye. Ankalemberana mobisa ndi kuphunzitsana okhaokha, wamkulu kuphunzitsa wamng'ono, ngakhale ankadziwa kuti akagwidwa alangidwa. Wothandizira wa Dufau, Joseph Guadet, anaona zimenezi ndipo anazindikira kuti lamulo limene ana onse akuliphwanya pofuna kuwerenga silingapambane. Iye ndiye anamutembenuza mtima mkulu wakeyo. Mu February 1844, pa mwambo wotsegulira nyumba yatsopano ya sukuluyo, njira ya Braille inaonetsedwa pamaso pa alendo: mwana wina analemba ndi timadontho mawu amene anamutchulira pomwepo, ndipo mnzake amene anali atatulutsidwa panja analowa n'kuwawerenga. Dufau anasintha maganizo, chinthu chimene si akuluakulu onse amachita. Ngakhale zinali choncho, njirayi inavomerezedwa mwalamulo mu 1854. Braille n'kuti atamwalira kale pa 6 January 1852, patangopita masiku awiri atakwanitsa zaka 43. Kuchokera pamene mnyamata uja anamaliza ntchito yake kufika pamene sukulu yake inaivomereza panadutsa zaka 30, ndipo m'zaka zimenezo ana ambiri analowa ndi kutuluka.

M'kalasi mwanu

Mwina simunaphunzitsepo mwana wosaona, ndipo mwina simudzamuphunzitsa. Koma mwana amene njira ya sukulu sinamuganizire muli naye. Alipo amene kwawo amayankhula Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Chilomwe, ndipo Chichewa chimene inu mukuti ndi chiyankhulo cha ana iye akukumana nacho koyamba pa bolodi. Alipo wa Chinyanja ku Tete amene akuyembekezeka kuwerenga Chipwitikizi asanachimve bwino, ndi wa Chichewa ku Zimbabwe amene kusukulu amapeza Chishona ndi Chingerezi. Alipo amene samva bwino khutu limodzi ndipo mwamukhazika kumbuyo chifukwa ndi wamtali, ndi wachialubino amene bolodi amaliona mwachimbuuzi. Alipo amene amatembenuza b ndi d chaka ndi chaka pamene pakamwa amakamba nthano yokoma kuposa onse.

Tikudziwa mmene zinthu zilili: kalasi yodzaza, buku limodzi ana angapo, silabasi yoti ithe mayeso asanafike. Palibe amene akuyembekezera kuti mukonze phunziro losiyana la mwana aliyense. Onani chabe kuti amene anasintha zinthu pa sukulu ya ku Paris sanachite zodula. Pignier analola ana kuyesa. Guadet anayang'anitsitsa zimene ana ankachita mobisa n'kuziona ngati umboni, pamene ena ankaziona ngati mwano. Ana athu nawonso ali ndi njira zawo zobisa: wina amalemba tanthauzo m'chiyankhulo cha kwawo m'mphepete mwa kope, wina amanong'oneza mnzake kuti amuwerengere za pa bolodi, wina amatsatira mzere ndi chala kapena ndi kapepala. Zambiri mwa izi timaziletsa tisanafunse kuti zikuthetsa vuto lanji.

Mmene malembowa anafalikira

Kunja kwa France mkangano womwewo unabwerezedwa. Ku Britain kunali njira zingapo za malembo otundumuka, iliyonse ndi oikonda ake. Dokotala wina amene maso ake anali atafooka, Thomas Rhodes Armitage, anayambitsa bungwe mu 1868 ndipo anaika lamulo lakuti oyesa njirazo akhale anthu owerenga ndi zala. Iwo anasankha ya Braille. Mu 1878 msonkhano wa mayiko wochitikira ku Paris unagwirizana kuti njirayi ndiyo izigwiritsidwa ntchito. Ku America kulimbana pakati pa njira zosiyanasiyana za timadontho kunatenga zaka zambiri, moti wosaona wokonda kuwerenga ankayenera kuphunzira zingapo. Britain ndi America anagwirizana za kalembedwe kamodzi ka Chingerezi mu 1932. Cha m'ma 1950 bungwe la UNESCO linatsogolera ntchito yogwirizanitsa malembowa m'ziyankhulo za dziko lonse, kuti kadontho kamene kali a ku Paris kakhalenso a kwina kulikonse kumene amalemba ndi alifabeti yomweyi. N'chifukwa chake mwana wa ku Magwero pafupi ndi Chipata, wa ku Copota pafupi ndi Masvingo kapena wa ku Worcester ku South Africa amayamba ndi zizindikiro 10 zomwe zija. Aphunzitsi a ana otere amasulidwa m'makoleji monga Montfort ku Nguludi m'Malawi ndi ZAMISE ku Lusaka, ndipo ngati m'dera lanu muli mphunzitsi wochokera kumeneko, ndi munthu woyenera kumudziwa.

Mu 1952, patatha zaka 100 chimwalirireni, mafupa a Braille anasamutsidwira ku Panthéon mu Paris, kumene France imaika anthu ake olemekezeka. Anthu a ku Coupvray anapempha kuti asatengeredwe zonse, ndipo mafupa a manja ake anatsala m'manda a kumudziko. Kuyambira mu 2019 bungwe la United Nations limakumbukira malembo a Braille pa 4 January chaka chilichonse.

Ntchito

Musanapite ku gawo lotsatira, sankhani wophunzira mmodzi m'kalasi mwanu amene amachita bwino pa ntchito za pakamwa koma amatsalira pa kuwerenga kapena kulemba. Kwa sabata imodzi, musamukonze. Ingoonani zimene amachita buku likatsegulidwa, kumene amayang'ana, amene amamufunsa, ndi zimene amalemba m'mphepete mwa kope. Pa tsiku lomaliza mufunseni padera, m'chiyankhulo chimene amamasuka nacho, kuti chimamuvuta n'chiyani ndipo amadzithandiza bwanji. Lembani zimene mwapeza m'ndime ziwiri, osatchula dzina la mwanayo, ndipo mukakambirane ndi anzanu pa tsiku lokumana la gulu lanu.